Nkhono M'mwala wa Njereza

Lole inakhuthula miyala ku Luwinga kusanache,
nkhungu ikadakola m'mitengo ya paini,
miyala yotuwa mbuu, ya kumapiri akumpoto,
anatero dalaivala akuwomba m'manja mozizidwa.

NyaChavula amaswa ndi nyundo ya mpini wogwedera.
Mwala wachitatu unang'ambika pakati, phwa!
M'kati munagona nkhono,
yopindika bwinobwino, mizere yake yonse ilipo,
koma youma gwa, mwala ngati unzake.

Anaiika pakhutu. Zii.
Anainyambita: fumbi lokhalokha.

Iwe, unakwera bwanji phiri
wopanda miyendo, wopanda ya minibasi?
Madzi ako anaphwa liti?
Ndani anakutsekera khomo n'kupita ndi kiyi?
Ine ananditula kuno ndi mwamuna,
ali ku Joni chaka chachisanu, foni siigwira.
Nanga iwe unatsala ukudikira yani?

Kapitawo Mkandawire anakuwa: maziko akudikira!
Nyundo inayambanso.

Koma chibenthucho sichinapite pamulu.
Anachimangirira pansonga ya chitenje
pamodzi ndi makobidi a mchere,
ndipo madzulo, potsetserekera ku Zolozolo,
chinkamugogoda pantchafu, go, go,
ngati chakumbuka poyambira ulendo.