Nyenyezi Zitatu ndi Theka

Lachiwiri ku Glasgow. Mvumbi ukukanda zenera
ngati mphaka wotsekeredwa panja.
Patebulo pali zimbale ziwiri,
ndipo Mayi Dalgleish akufuna mawu mazana anayi
folo koloko isanakwane.

Choyamba chabwera panjinga yamoto,
m'bokosi lonunkhira ndalama.
Mwini wake ndakumana naye kale m'mawa,
akumwetulira panthiti za basi iliyonse ya ku Partick.
Nyimbo yachitatu yokha anailemba anthu khumi ndi anayi.
Ndisaname, ndinachitsegula nditanola kale mpeni.
Koma phazi langa, kapirikoni uyu,
layamba kuponda ng'oma kunsi kwa tebulo
osandipempha.

Chachiwiri anachilowetsa yekha pansi pa chitseko
Ishbel Kinnaird, amene usiku amachapa
nsalu za odwala kuchipatala.
Dzina analemba ndi bolopeni yotha inki.
Anajambulira m'khitchini:
firiji ikung'ung'udza kuyambira poyamba mpaka pomaliza,
nsambo imodzi ya gitala yalefuka,
ndipo m'nyimbo yachisanu, pomwe akutchula
nsapato za bambo ake zimene palibe wazisuntha pakhomo,
wina akutsokomola kuseri kwa khoma.
Iye akuima. Akudikira chifuwacho chithe.
Kenako akutola mawu pomwe anawasiya.

Ndinafuna kuchikonda chonse.
Koma nyimbo zitatu zikufanana ngati mabatani a malaya amodzi,
ndipo yomaliza ikutalika
ngati mwambo wa maliro a munthu wosamudziwa.
Ndilembe zimenezo?
Wa pabasi uja sadzawerenga,
ali ndi anthu olipidwa kuti azimupwetekera mtima.
Ishbel adzadula pepalalo ndi sizasi
n'kulimata pafiriji yomwe ija.

Nanenso ndinaimbako.
Gitala ali pamwamba pa kabati, fumbi lamuveka jekete.
Munthu wina, dzina ndinaiwala,
anatilemba mizere itatu m'nyuzi ya Loweruka.
Mizereyo ndikhoza kuilakatula ngakhale mutandidzutsa pakati pausiku.

Lamya ikulira. Otsatsa matilesi, akutero Mayi Dalgleish,
agula theka la tsamba.
Malo atsala a chimbale chimodzi.
Sakunena chiti. Tonse tikudziwa.

Ndalemba. Nyenyezi zitatu ndi theka,
thekalo ndi la phazi langa.
Kumapeto ndazembetsa chiganizo chimodzi
chokhala ndi dzina la Ishbel ndi mawu oti firiji,
chaching'ono, mwina lumo la mkonzi lichilambalala.

Kunja magetsi a mumsewu ayaka msanga.
Tiyi wazizira. Ndabwezanso nyimbo yachisanu.
Nsapato zija zili pakhomo,
munthu uja watsokomolanso,
ndipo ine ndi Ishbel, amene sitinaonanepo,
tili duu, kumudikira.