Felemu ya Kudenga

Ndinaitsitsa kudenga tsiku lomwe tinkafolera nyumba,
yakuda ndi mwaye, mavu atamanga mudzi pakhosi pake.
Inalibe mwendo, inalibe mawu.
Mafupa okhaokha,
ngati nkhuku ya pa Khirisimasi ana atathana nayo.

Njinga iyi tinaidya ndife.
Chaka cha njala chija bambo anayamba ndi belu,
belu linagula mchere.
Gudumu lakutsogolo linapita ku Limbuli
n'kubwerako lili ndowa ya chimanga cha kutsidya.
Chishalo chinalipira mankhwala a mayi.
Tcheni chinandilembetsa mayeso a Sitandade 8,
omwe ndinalephera.
Felemu yokha anaikaniza:
"Njinga ndi iyi. Zinazo ndi zovala chabe."

Ndiye ndinayamba kuiveka.
Tiyi ndimathyola kuyambira mame
mpaka dzuwa litandipsereza m'khosi;
kapitawo akamawerenga makilo
ine ndimawerenga masipoko.
Fotinayiti iyi, foloko.
Inayo, habu ndi timabelingi
tomwe ndinatimanga pansonga ya chitenje
ngati mbewu ya nandolo.

Pa Chitakale, pansi pa mtengo wa mapeyala,
a Mukhito amakonza njinga ndi zala zitatu,
ziwiri zinatsala m'makina a kufakitale.
Anandiyang'ana, nayang'ana felemu,
nati, "Mwamuna wako ali kuti?"
Ndinati, "Ndibwerekeni sipanala."
Anaseka mpaka ndudu inagwa pakamwa,
koma sipanala anandipatsa.

Anandiphunzitsa kuluka gudumu:
sipoko lidumphe awiri, lilowe pansi pa lachitatu.
Ha! Si lichero ili? Ndinaluka ndili mwana.
"Koma usamange mbali imodzi," anatero,
"limapotoka ngati mlandu woweruza achibale."

Kotapini anakana kulowa.
Ndinam'menya ndi mwala, ndinamenya chala,
chikhadabo chinada mwezi wathunthu.
Girizi anandilowa m'mizere ya m'manja, sopo anagonja,
kutchalitchi ndinkabisa zikhato pansi pa buku la nyimbo.

Chishalo ndinapeza chakale,
chokumbika kale ndi matako a munthu wina wonenepa.
Matayala si apachibale:
lakutsogolo latsopano, lonunkha sitolo,
lakumbuyo la zigamba zinayi, lochokera ku Muloza.
Kaliyala anandiwotcherera mwana wa a Mukhito
ndi zitsulo za bedi lothyoka.
Belu ndinagula pomalizira
poti ndi lomwe linayamba kuchoka.

Loweruka, chiperoni chitameza phiri lonse,
ndinapopa, ndinamanga chitenje, ndinakwera.
Tcheni chinayamba chatsokomola
ngati munthu amene wakhala zaka osalankhula,
kenako chinagwira.

Koma njinga inkakokera kumanzere.
Ndikawongola, kumanzere.
A Mukhito anagwada, natsinzina diso limodzi:
"Felemu inapindika kalekale, mwanawe.
Izi sizikonzeka."

Tsono ndinaileka ipite komwe ikufuna.
Inasiya msewu wa tala,
inatsetsereka kanjira kodutsa m'nthochi,
n'kukaima pakhomo pa a Nampinga
amene amatcheza kachasu kuseri kwa khola.
Mayiwo anatuluka akupukuta manja,
sanandiyang'ane ine, anayang'ana felemu,
naigwira pomwe utoto wobiriwira unatsalira.
"Ya a Namathanga iyi.
Inkagona pano, mwini wake akuimba nyimbo za ku Wenela.
Anasiya ngongole ya mabotolo awiri."

Ndinafuna kuseka, m'maso munadzaza madzi.
Ndinaliza belu kawiri.

Mawa m'bandakucha ndimanga nanazi pakaliyala,
makumi atatu, ndi mphira wa chubu chakale,
ulendo wa ku Nkando.
Ndikagulitsa ndidzadzera konkuno, mayi.
Musachite kundilondolera,
njira ikuidziwa yokha.