Mbewa za ku Parktown

Kwathu ku Kasiya mbewa timakumba,
kuziwamba, kuzithira mchere.
Kuno ku Joni ndimazivalira magolovesi,
ndimaziyeza kulemera m'mawa uliwonse
ngati makanda a kusikelo.
Zoyera mbee, maso ngati makala otsala pang'ono kuzima.
Palibe kapuku pano. Zonse ndi manambala.

Zina zimamwa madzi a chammwamba,
zina masamba a mpoza owiritsa,
zina makungwa amene Dokotala Sithebe anagula ku Faraday
kwa mayi wokana kutchula dzina la mtengo.
Zina zimamwa madzi opemphereredwa usiku wonse
paphiri la ku Melville, anthu a mikanjo atagwada pamiyala.
Zina madzi apampopi basi.
Zimenezo, akutero adokotala, ndiye mboni.

Mabotolo anawamata mapepala kuti ndisadziwe,
koma mphuno siimatidwa:
chammwamba ndimachimva ndili pakhomo.
Awiri okha ndi amene amandisokoneza,
opemphereredwa ndi apampopi.
Ndawayang'ana padzuwa, ndawanunkhiza,
tsiku lina ndinalawako ndi chala.
Madzi ndi madzi.

Achemwali anga a Esinati anamwa zonsezi.
Anamwa mizu ya ku Dzalanyama,
anadzola mafuta a mneneri wa ku Area 25,
mbuzi zinatha m'khola imodziimodzi,
marandi anga ankakwera basi pa Park Station
kukasanduka mabotolo pansi pa bedi lawo.
Pofika ku Central, namwino anangoti,
munali kuti nthawi yonseyi?
Khansa inali itamanga kale nyumba,
itafolera ndi malata.
Maliro ndinawaonera pafoni.

Ndiye Lachiwiri lapitali,
magetsi atathima, jenereta ikutsokomola kuseri,
ndinagwira nambala 47
n'kumva kanthu pansi pa mwendo wake,
kolimba, kochepa ngati nzama.
Ndinayenera kulemba m'buku, ndinalembadi:
tsiku, kukula kwake, dzina langa.
Koma ndisanaibweze m'khola
ndinaipempherera.
Pang'ono chabe, chamumtima,
pemphero lomwe lija la amayi akamatseka chitseko usiku.

M'minibasi yopita ku Yeoville ndi m'mene zinandifikira:
nanga ngati 47 ndi ya madzi apampopi?
Ndiye kuti ndaipitsa mboni,
ndathira mchere m'ndiwo za eni.
Ndikauze adokotala?
Alemba pati, m'bokosi liti la pakompyuta,
kuti wosesa m'makola, Mmalawi, pasipoti yotha,
anathira pemphero mosayeza mlingo?

Ndipo Mulungu amene amawerenga mpheta
amadikira kuti tigawe kaye magulu?
Akamva mbewa ikulira kushelefu yapansi
amayamba waona pepala la pabotolo?

Lachisanu azitumbula zonse.
Adzawerenga zotupa, adzajambula mizere
yokwera ndi yotsika, ine sindidzaimva.
Mwina chammwamba chidzaoneka ndi kamphamvu,
mwina ayi.
Dokotala Sithebe salonjeza kanthu,
n'chifukwa chake ndimawakhulupirira.

Usiku amayi aimba foni.
Akuti mwana wa a Esinati wayamba kudandaula m'mimba,
akuti kwabwera mneneri wina wochokera ku Mchinji,
akuti, iwe uli konko kwa madokotala,
mankhwala aja apezeka?
Ndikuyang'ana nsanja ya Hillbrow pazenera,
manja akununkhabe utuchi wa m'makola.
Ndikuti, tikuyesabe, amayi.
Koma mawa lomwe mupite naye kuchipatala.
Mawa, osati mkuja.
Ndalama ya basi ndatumiza kale.