Wailesi ya a Jawadu

Loweruka ikamakwana fili koloko
foni imayamba kunjenjemera m'chitenje.
Sindiyang'ana n'komwe. Ndi a Jawadu, ku Joni.
Moni palibe.
Safunsa ngati malata aja anafika
kapena ngati shuga wa amayi awo watsika.
"Asiyatu, wafika pagalaundi? Pagolo pali ndani lero?"

Ine mwana wa a Chikwanje,
amene ndinkayesa kona ndi pokhotera akabaza,
lero ndine wailesi ya amuna anga.
Beseni la mandasi ndimasiyira mlamu
n'kukaima pamzere wa phulusa kwa Chipalamawamba,
dzanja m'mwamba ngati mwana wodziwa yankho,
kuti iwo, atabisala pakati pa makatoni a sopo
kuseri kwa shopu ya bwana wawo,
awaone Mavu awo akuluma.

Kumeneko ndimamva kuti kuli mabwalo a kapinga wometa,
magetsi osandutsa usiku masana.
Iwo toto. Akufuna fumbi lomwe lino,
mapolo a bulugamu opendama,
ndi lefali wathu a Sumani
amene amaliza wezulo chinangwa chili kukamwa.

Netiweki ikathawira kutsidya kwa Shire
chithunzi chimauma, ndiye ndimaulutsa pakamwa.
"Wamenya wa nsapato zofiira. Wagwa. Wadzuka. Akutukwana."
"Nanga mpira uli kuti?"
"Uli m'dimba la a Bwanali, ndipo akukaniza."
Tsiku lina tonde analowa m'bwalo,
iwo poona mbuu pafoni anakuwa,
"Mugwireni uyo, ali yekhayekha!"
Bwana anawadula marandi fifite.

Majezi anatumiza pabasi, khumi ndi asanu, achikasu,
onse anafika, ngakhale ulusi wosasoloka.
Nsalu yanga ya pa Idi akuti inatsalira pa Mwanza.
Ndinangoti chabwino.
Katundu wa mkazi ndiye amadziwa kusochera.

Pafainolo ya chaka chatha bandulo inatha
mnyamata ataika kale mpira pa penate.
A Jawadu anaimbira msuweni, sanayankhe.
Anaimbira a shehe, anali pamaliro.
Anaimbira mpaka malume anga a Amidu
amene sankalankhulana nawo zaka zinayi
chifukwa cha ngongole ya ukonde.
Anakhululukirana pomwepo, mwachangu, kuti amve zotsatira.
Mpirawo unali utapita kumtengo wa mango.

Ndiye dzulo, chigawo chachiwiri,
kochi analowetsa kamnyamata.
"Ameneyonso ndi ndani, miyendo ngati ya kakowa?
Jezi yangayo ikuchita ngati aiyanika pachingwe!
Kauze kochi amutulutse, unene kuti ndatero ndine!"
Ndinapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje,
ndinasendera mpaka chala chinaponda phulusa.
"Ndi Imedi wanu uyo.
Munamusiya ali ndi magweru."

Foni inangoti zii.
Ndinayesa bandulo yathanso, ndinaigogoda pachikhatho.
Kenako ndinamva munthu akumina
kutali uko, pakati pa makatoni a sopo.

"Komatu ali ndi liwiro," anatero.
"Wamanzere, ngati ine."
A Jawadu mpira sanaumenyepo chibadwire,
ntchito yawo pa timu inali yonyamula chigubu cha madzi.
Sindinawakumbutse.
Ndinasiya bwalo lonse, ndinasiya mpira upite kumene ukufuna,
foni ndinalozetsa pa mwana yekhayo
akuthamanga, akuima, akukweza kabudula,
mpaka mkono unachita dzanzi.
Mpira anaukhudza kawiri. Kachiwiriko ndi dzanja.

Mavu anagonja ziwiri kwa duu.
Usiku anaimbanso, ana atagona,
za lefali osatchula, za kochi osatchula.
"Kodi nsapato amavala saizi yanji?"
Ndinawapatsa masaizi awiri, yake ndi yanga.
Tione imene ikatsalire pa Mwanza.