Musakhudze

M'nyumba ya zionetsero ku Marseille
Ouarda wapachika matewera makumi anayi,
lililonse lopetedwa ndi ulusi wofiira
monga amapetera akazi a kumapiri a Kabiliya,
kumene iye sanagoneko ngakhale usiku umodzi.

Alendo akupendeketsa mitu, matambula a vinyo m'manja.
Wina akuti ndi ndale. Wina akufunsa mtengo.
Mkaka wayamba kudontha m'bulauzi;
khanda latsala kwa aneba, pansanjika yachisanu.

Kenaka atulukira mayi ake, a Tassadit,
akumvekabe fungo la sopo
wa m'maofesi omwe amakolopa.
Aima pa thewera lachitatu, natsinzina diso limodzi,
nakanda mfundo ndi chikhadabo.

Mlonda athamanga: "Mayi, musakhudze!"

"Wapotoza apa,"
atero iwo m'chinenero chakwawo,
singano ili kale pakamwa.