Imirira, Tipite

Lachinayi m'mawa, ndikusoka nsapato ya mwini
pansi pa khoma la ku Matapi,
ndinamva gitala wanga akubwera pa lole.
Ndinamuzindikira asanakhote:
nsambo yachitatu ija inkalira mopotoka
poti ndinaichotsa ku buleki ya njinga.

Zingano inandilowa m'chala.

Lole yodzaza zimkuzamawu,
anyamata a malaya ofanana akulendewera m'mbali,
nkhope ya bwana ikumwetulira kutsogolo ndi kumbuyo,
ndipo pamwamba pa fumbi lonselo
mawu anga a zaka makumi awiri zapitazo,
ndikadali ndi mano onse:
Imirira, tipite.

Amayi a tomato anasiya mabeseni, nadula chiuno.
Sindiwada.
Chinenero chathu muno amangochimva ngati mvula pa malata,
sadziwa chimene akuvina.

Nyimboyo ndinaipeka pa benchi ya chipatala ku Gomo,
usiku wa chisanu,
Enelesi ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri,
chifuwa chake chikulira ngati chitseko chakale.
Imirira, Enelesi, tipite kwathu.
Sanaimirire.
Tinakamuika ku Mbudzi, pa mzere wa ana,
amake atagwira kasiketi ka sukulu kosavalidwa.

Tsopano dzina lake alidula.
Pamene panali Enelesi alowetsapo la bwana,
lalitali, lopunthwa pa ng'oma,
ngati munthu wonenepa wokhalira mpando wa mwana.

Ndinavala jekete la ku tchalitchi
ndi kukwera masitepe a ofesi yawo m'tauni.
Ndinadikira mpaka mthunzi unasintha mbali.
Kenaka mnyamata wa mafoni awiri:
"Madala Kathumba! Muzinyadira,
takuchotsani fumbi, mwatchukanso."
Anandininkha sikipa, kapusi,
ndi madola awiri a kombi.
Ndinati sindinabwerere ndalama,
ndabwerera mwana wanga.
Anayang'ana kumbuyo kwanga, kufuna mwanayo.

Loya anafunsa pepala.
Pepala liti?
Situdiyo ya ku Msasa lero amagulitsamo matayala,
amene anatijambula anagona kalekale,
woimba ng'oma ali ku Joni, sayankha.
Umboni wanga ndi nsambo ya njinga
ndi kamtumbira kopanda mwala.
Loya anatseka cholembera.

Ndinabadwira ku Mufakose ine.
Bambo anachoka ku Dedza wapansi,
nasesa misewu ya mzinda uno mpaka msana unapindika,
koma chitupa changa chimanenabe kuti ndine mlendo.
Tsiku lovota ndidzakhala pano ndi ulusi wanga.
Chala changa sachifuna,
akufuna kholingo lokha.

Usiku lole imadutsanso.
Nangozo amadzuka, natseka zenera losweka kale,
natsamira khoma osanena kanthu.
Ana a pakhonde aiphunzira yonse,
amaiyimba potunga madzi,
ndi dzina la bwanalo, mokoma ndithu,
osaphonya ngakhale pamene ine ndinkapumira.

Lamulungu ndinapita ku Mbudzi.
Ndinazula chisoso, ndinathira madzi,
ndinakhala pansi kuti ndimuyimbire yake yeniyeni,
pang'onopang'ono, monga pa benchi paja.
Imirira,
ndipo lilime langa, langa lomwe,
linatchula bwana.

Ndinakhala chete nthawi yaitali.
Mphepo inkakankha mapepala a chisankho pakati pa mitumbira.

Sikipa ija ndimapukutira nsapato.
Nkhopeyo yada ndi polishi, koma mano akuonekabe.
Ndikamakoka ulusi ndimanena chamumtima,
kamodzi pa msoko uliwonse,
kuti pakamwa pazolowerenso:
Enelesi.
Enelesi.
Kasitomala akafunsa ndikuti chiyani,
ndimati ndikuwerenga.