Nditsike pa Yobe

Mmawa uliwonse, nkhungu isanayalule mphasa yake pa Mzuzu,
wina amakwera pa kaliyala wa njinga yanga
nkunena, Nditsike pa Yobe.
Pa Yobe palibe Yobe.
Pali shopu ya simenti, mpope wouma,
ndi mnyamata wogulitsa mayunitsi pansi pa ambulera.

Ndimangopalasa.
Yobe Kathumba anali bambo a mayi anga.

Anachoka ku Dowa wapansi, nkhwangwa paphewa,
atamva kuti kumpoto akulemba anthu
ogwetsa nkhalango kuti adzale tang'i,
mtengo wa mafuta osathira m'ndiwo.
Anafika zidendene zitang'ambika ngati dambo la mu Okutobala,
napeza mvula yosadziwa kalendala,
matope ofiira, zisakasa za udzu,
ndi kapitawo wochonga tikiti ndi pensulo yonyambita.

Zaka zinapita, tang'i anakana kulemeretsa eni ake.
Anzake anamanga mitolo kubwerera kwawo.
Iye anatsala,
chifukwa cha NyaZgambo, mtsikana wogulitsa chinangwa chootcha,
amene anaseka mpaka kugwetsa lichero
atamva mmene mlendoyo ankathyolera Chitumbuka.

Apongozi anamuyendetsa m'thengo osanyamula chingwe.
Kuyambira pa chulu ichi, anatero,
kukafika pa msuku wopindikawo,
kutsika ndi kamtsinje mpaka pomwe mwala wagawa madzi.
Ukazula zitsa, ndi pako.
Anazula. Zitsa zina zinamudyera mwezi wathunthu,
chimodzi chinamudyera chala.

Kenaka chimanga, mbatata, nthochi m'khwawa,
mizere isanu ndi iwiri ya khofi
amene ankamufunditsa udzu mu Juni ngati khanda.
Anaotcha uvuni woyamba kuno kutsidya.
Anagoneka mabulugamu anayi pa kamtsinje
kuti ngolo idutse ndi odwala.
Anapachika chitsulo cha thirakitala pa mtengo,
chikalira ana ankathamangira kusukulu ya pansi pa mthunzi.
Chitsime anakumba ndi NyaZgambo, ali ndi mwana kumsana,
koma palibe amati, Nditsike pa NyaZgambo.

Lero chulu chinadyedwa ndi oumba njerwa.
Msuku unapita mumzinda uli m'thumba la makala.
Amalume anagulitsa munda mapuloti mapuloti,
wina kulipira fizi, wina maliro,
wina sitidziwa.
Pa chitsime pakhala mpanda wa loji
wokhala ndi magalasi osweka pamwamba.
Mlatho ndi wa konkire tsopano, ndi wabwino, sindinganame,
matayala anga amauyamika.

Watsala mtengo umodzi wa tang'i kuseri kwa shopu.
Anaubisa m'thumba la kabudula uli njere.
Umachitabe maluwa oyera nyengo yake ikakwana,
nkugwetsa zipatso zomwe ngakhale mbuzi imazilambalala.
Amakanika amamangapo injini ndi unyolo.

Dzulo ndinanyamula bambo wa tayi ndi chikwama.
Pakati pa mtunda anayamba kundiphunzitsa:
Ukudziwa, mnyamata? Yobe ameneyu anali mzungu,
mwini esiteti, ankayenda pa hatchi.
Ndinafuna kumanga mabuleki
ndimuuze za zala zisanu ndi zinayi,
za chifuwa chimene ankatsokomola usiku wonse wa mwezi wa Julaye,
za manda opanda mwala kuseri kwa tchalitchi
amene timawazindikira ndi chitsa cha mkungudza.
Koma mtunda uja umafuna mpweya wonse.
Ndinangoti, Kodi?

Ndimagona ku Chibavi, chipinda chimodzi cha lendi,
njinga kumutu, ana kumiyendo.
Ndilibe ngakhale mzere wodzala mpiru.
Koma ndikafika pa shopu ija ndimatsitsa phazi pansi,
dothi lofiira nkulowa mu patapata,
ndipo wokwera akamafufuza ndalama m'thumba
ndimanena chapansipansi, kuti asandiyese wamisala,
Mwafika kwathu.